"Demeti!" Kodi Munthu Achimwa ndi Liu Limene Sadziwa Tanthauzo Lake?

Pali liu lina laling'ono limene limveka masiku onse pano pa Likhubula, monga limvekanso m'midzi yambiri ya dziko lathu, ndipo liu limeneli si la Chichewa, si la Chilomwe, si la Chiyao. Mnyamata wonyamula katundu wa alendo pa njira yokwera ku Chambe, chingwe cha chikwama chikamdukira, ati, "Demeti!" Wa kabaza pa mseu wa ku Chitakale, tcheni cha njinga chikagwa pa chitunda, atero iyenso. Ngakhale mai wokalamba amene sadalowepo m'sukulu ndi tsiku limodzi lomwe, mtsuko ukampulumuka ku mtsinje, liu lotuluka m'kamwa mwake ndi lomweli. Tsono akatekisiti athu afunsidwa kawirikawiri, ndi akatekumeni ndi Akristu akale omwe: Kodi kutero ndi tchimo? Kodi nkofunika kuliulula m'Sakramenti la Kulapa?

Mayankho amene timva ali awiri, ndipo onse awiri ndi a phuma. Ena aseka nati, "Ndi Chingerezi chabe ichi, palibe kanthu." Ena, makamaka amene adamva pang'ono za tanthauzo lake, aopseza anthu nati wotchula liu limeneli aitana moto wosatha. Oyambawo achepetsa mlandu, achiwiriwo auika pa munthu amene si mwini wake. Tiyeni tiyambe taona kumene liulo lidachokera, pakuti mlandu suweruzidwa mboni zisanalankhule.

Demeti ndi mau awiri a Chingerezi, damn it, amene lirime lathu lidawaphatikiza ndi kuwasalaza. Angerezinso sadalipanga okha liu loyambalo. Lidafika kwa iwo kuchokera ku Chilatini, kudzera m'Chifalansa. M'Chilatini damnum ndiko kutayika kwa chinthu kapena chilango cholipira, ndipo damnare ndiyo nchito ya woweruza pamene agamula kuti munthu wapezeka wolakwa, alangidwe. Eklezia adatenga liu la pa bwalo limeneli nalipatsa nchito yoopsa koposa, ndiyo kutchula chiweruzo chomaliza cha munthu amene wafa atakana Mulungu kufikira mapeto. Kotero Mngerezi wakale, ponena mau amenewa mokwanira, ndi dzina la Mulungu patsogolo pake, analikupempha kuti Mulungu aponye chinthucho kapena munthuyo ku moto wosatha. Linali temberero lenileni, temberero lalikulu koposa onse amene Mkristu angathe kuganiza.

Ndipo Angerezi adalizolowera kale kwambiri. Pa nkhondo yaitali ya pakati pa England ndi France, imene itchedwa ya zaka 100, Afalansa ankamva temberero limeneli m'kamwa mwa asilikali a Chingerezi kawirikawiri kotero kuti adawapatsa dzina lochokera pa mau omwewo, nawatcha godons. Joan wa ku Arc Woyera, namwali uja amene adatenthedwa ku Rouen m'chaka cha 1431, ankawatcha dzina lomwelo. Patapita zaka zambiri boma la Britain lidayesa kuthetsa chizolowezicho ndi lamulo. Kuyambira m'chaka cha 1746 munthu wotemberera kapena wolumbira mwachipongwe ankalipira: waganyu, msilikali wamba ndi wamalinyero sheleni 1, munthu wapakati masheleni 2, ndipo bwana wolemekezeka masheleni 5. Musaiwale ndondomeko imeneyi, awerengi okondedwa, kuti wamkulu ankalipira koposa wamng'ono pa liu limodzimodzi. Opanga lamulo aja adaona chinthu choona. Koma lamulo silidathe kugwira lirime. Liulo lidangonka lipepuka ndi kunenedwanenedwa, ndipo lero Mngerezi wolinena pamene kiyi wamtayika saganiza konse za moto wosatha. Tsabola wakale sawawa.

Nanga lidakwera bwanji kufikira pansi pa phiri la Mulanje? Tikumbukire kumene makolo athu adamva Chingerezi poyamba. Amene adachimva m'sukulu za mishoni anali owerengeka. Unyinji udachimva pa nchito. M'chaka cha 1891 Henry Brown adabzala tiyi ku Thornwood ndi ku Lauderdale, ndipo m'zaka zotsatira minda ya Azungu idafalikira m'tsinde mwa phiri. Alomwe ambiri, pothawa nkhanza za ulamuliro wa Apwitikizi ku Mozambique, adapeza malo m'minda imeneyi, nalipira malowo ndi thukuta lao pa thangata. Ena ankacheka mkungudza pamwamba pa phiri ndi kutsika nao matabwa pamutu. Ena adalemba nchito ya usilikali ku Zomba, nakamenya nkhondo kutali ku Burma m'zaka za 1944 ndi 1945. Ndipo ambirimbiri adapita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya Johannesburg. Pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'chaka cha 1974, nipha Amalawi oposa 70, m'migodi ya South Africa munali ana a dziko lino oposa 100,000.

M'malo onsewa Chingerezi chimene munthu wakuda ankamva sichinali cha m'mabuku ai. Chinali cha malamulo ndi cha ukali: bwera, nyamula, fulumira, ndipo pambuyo pake liu la mkwiyo. Ku migodi adachita kupanga chinenero cha nchito, Chifanakalo, chimene ku Rhodesia ankachitcha Chilapalapa, chokwanira kutuma munthu ndi kumkalipira, koma chosowa mau omtonthoza. Amuna pobwerera kumudzi ndi njinga, ndi bulangete, ndi jekete, adabwera ndi mau enanso m'kamwa. Pamodzi ndi demeti padafika fotseki, liu la Maburu limene kwao apitikitsira galu, ndi lina lija la bloody fool, limene aliyense alikhotetsa monga lirime lake lithera.

Apa mpamene tiyenera kuima ndi kuyang'anitsitsa, pakuti mbiri ya liuli isonyeza khalidwe lake. Bwana ankalinena kwa kapitao. Kapitao sankalibweza kwa bwana. Ankalisunga, nakalitula pa wothyola tiyi. Wothyola tiyi analibe womtulira m'munda, koma kunyumba kunali mkazi, ndipo mkaziyo anali ndi mwana, ndipo mwanayo anali ndi mng'ono wake, kapena galu. Liu limeneli liyenda monga madzi a mtsinje wa Likhubula, ochokera pamwamba kunka pansi, ndipo palibe adawaonapo alikukwera. Thangata adatha, Wenela adatseka, mabwana aja adafa kale; koma liu lao tidakali kulitsitsa ife, mwa njira yomweyo.

Tsono tibwere ku funso la akatekumeni. Katekisimu atiphunzitsa kuti tchimo likhala lalikulu pakakhala zinthu zitatu pamodzi: chinthucho chikhale choipa kwambiri, munthu achidziwe bwino kuti nchoipa chotero, ndipo achifune ndi mtima wake wonse. Chikasowa chimodzi, tchimo lalikulu palibe. Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Eklezia amene adamwalira m'chaka cha 1274, adalingalira nkhani yomwe ino ya matemberero. Iye aphunzitsa kuti kutemberera ndiko kufunira wina choipa ndi kuchitchula, ndipo kuti mwa mtundu wake ndi tchimo lalikulu, chifukwa kutsutsana ndi chikondi. Koma aonjeza kuti likhoza kukhala laling'ono, choipa chofunidwacho chikakhala chaching'ono, kapena mauwo akatuluka modzidzimuka, kapena mwa nthabwala. Pakuti machimo a mau ayesedwa makamaka ndi cholinga cha mwini mauwo. Ngakhale pa za kunyoza Mulungu, aphunzitsa kuti munthu amene mau ampulumuka mu ukali wadzidzidzi, osazindikira tanthauzo lake, sadachite tchimo lalikulu. Ndipo za kutemberera zinthu zopanda nzeru, monga khasu kapena mwala, ati ndi mau achabe ndi opanda pake, pokhapokha munthu azitemberere chifukwa chakuti nzolengedwa ndi Mulungu, pamenepo chipongwe chigwera Mlengi.

Yankho loyamba liri poyera tsono. Mai wokalamba uja wa mtsuko sadziwa Chilatini, safunira munthu aliyense moto, ndipo mtsuko ulibe mzimu woti nkutayika. Iye walira chabe, ndi liu limene adalitola kwa mwamuna wake, monga akadati "Mayo ine!" Katekisiti amene amuuza kuti waitana Satana, kapena amletsa kulandira Ukaristia chifukwa cha ichi, achita cholakwa choposa cha maiyo, pakuti asenzetsa nkhalamba katundu amene Mulungu sadaisenzetse. Mtima wa Mkristu ukazolowera kuona tchimo lalikulu pa kanthu kali konse, ufika pa zinthu ziwiri: kapena munthu akhala wamantha masiku onse, osakhulupiriranso chifundo cha Mulungu, kapena atopa nataya zonse, zazing'ono ndi zazikulu zomwe.

Tisanyozenso kulira kwa munthu womva ululu. Thupi limafuna potulutsira. M'chaka cha 2009 Richard Stephens ndi anzake, a pa sukulu ya ukachenjede ya Keele ku England, adauza ophunzira kuti abviike dzanja m'madzi ozizira koopsa. Ndipo amene ankabwereza liu lotukwana adapirira nthawi yaitali koposa pamene ankabwereza liu wamba. Koma m'chaka cha 2011 adapezanso kuti munthu wotukwana tsiku lonse sathandizidwa kwenikweni, chifukwa mankhwalawo adawasukulutsa kale. Zimenezi sizisandutsa kutukwana kukhala ukoma. Zingotikumbutsa kuti mfuu wa munthu amene nkhwangwa yamtema phazi ndi wa thupi koposa wa mtima, ndipo woweruza wanzeru saufunsa mafunso ambiri.

Koma wina asathamange ndi yankho limeneli kunka nalo kunyumba, chifukwa mlandu uli ndi mbali yachiwiri, ndipo ndiyo yolemera. Tanena za demeti wa pa mtsuko. Nanga demeti wa pa munthu? Bambo afika madzulo, apeza madzi osamba asanatenthe, ayang'ana mkazi wake pamaso pa ana nati, "Demeti iwe!" Mwini golosale atero kwa mnyamata amene wataya shuga. Mphunzitsi atero kwa mwana wochedwa kumva samu. Mukawafunsa ayankha kuti, "Ine tanthauzo lake sindilidziwa." Inde, za damnare sadziwa. Koma chimene afuna kunena achidziwa bwino lomwe, ndipo wouzidwayo achimva bwino lomwe: kuti iwe ndiwe kanthu kachabe, chondisautsa, chinthu chonga khasu lothyoka. Tanthauzo limeneli siliri m'buku la mau. Liri m'maso, m'kukweza kwa liu, ndi m'kukhala chete kwa mwana amene aweramitsa mutu. Kusadziwa Chingerezi kuchotsa mlandu wa temberero la moto, koma sikuchotsa mlandu wa kunyoza.

Ndipo za kunyoza Ambuye Yezu sadalankhule mopepuka. Pa mutu 5 wa Mateyo, pofotokoza lamulo loletsa kupha, adalitambasula kufikira pa mkwiyo ndi pa mau otcha mbale chitsiru, nachenjeza kuti mau otere akhoza kufikitsa mwini wake ku moto wa Gehena. Taonani kudabwitsa kwake! Moto umene katekisiti wa phuma uja anauona pa liu la Chingerezi, Ambuye sadauika pa liu lachilendo, koma pa mtima wopeputsa mbale. Ndipo sugwera wotembereredwa, ugwera wotemberera. Sitinena kuti liu liri lonse la ukali m'banja ndi tchimo lalikulu. Tinena kuti pamenepa mpamene pali nkhani yoyenera kuulula.

Pali chifukwa chimene timakondera liu lachilendo pa nchito yotere. Makolo athu ankaopa mau. Temberero la mai kapena la malume linali chinthu chogwedeza mudzi, ndipo mwana wotembereredwa sankagona tulo kufikira akulu atakhala pansi ndi kukonza. Kufikira lero, munthu akauza mnzake pa mkangano kuti "Uona!", ndipo mnzakeyo nadwala, nkhani ifika kwa mfumu. Kutukwana m'Chichewa kapena m'Chilomwe, ndi mau enieni aja, kuchititsa manyazi mwini wake yemwe. Munthu wamkulu amva kulemera kwake asanakutulutse. Koma liu la Chingerezi liribe mizu m'mtima mwathu, sitidaliyamwa, agogo sadatimenyere, choncho lituluka losalemera. Izi sizichitika kwa ife tokha. Jean-Marc Dewaele, mphunzitsi wa za zinenero ku London, adafunsa anthu oposa 1,000 odziwa zinenero zingapo, nafalitsa zopeza zake m'chaka cha 2004: ambiri amva mau otukwana a chinenero chobadwa nacho kukhala amphamvu koposa a chinenero chophunzira pambuyo. Liu lachilendo likhala ngati chigoba cha kumaso: munthu achibvala, nachita zimene sakadachita ndi nkhope yake. Bvuto ndi lakuti kupepuka kumeneku akumva ndi woponya mwala yekha. Wolasidwa amva mwala.

Wina adzati, "Koma limangondipulumuka, sindichita kufuna." Tiyeni tiyese mau amenewa ndi muyeso wapafupi. Bambo uja wa madzi osamba, kodi liulo lidampulumukapo pamaso pa apongozi ake? Kodi lidampulumukapo kwa mfumu ya mudzi pa bwalo, kapena kwa wansembe, kapena kwa wapolisi pa mseu? Mnyamata woperekeza alendo ku Sapitwa apirira tsiku lathunthu mlendo wodandaula, woyenda pang'onopang'ono, wofunsa mafunso osatha, ndipo m'kamwa mwake mutuluka ulemu wokhawokha, chifukwa adziwa kumene malipiro achokera. Koma akatsika madzulo, mlongo wake wamng'ono akachedwa ndi nsima, liu lija lipezeka msanga. Lirime limene lidziwa kusankha chotere silipulumuka mwangozi. Liri ndi maso. Lidziwa amene angabweze ndi amene sangabweze, ndipo ligwa pa wachiwiriyo. Ufulu umene munthu ali nao wodzigwira pamaso pa wamphamvu ndi umboni wakuti ali naonso pamaso pa wofooka, koma sadafune kuugwiritsa nchito. Ichi ndicho chimene lamulo lija la 1746 lidakhudza polipitsa bwana masheleni 5: liu limodzimodzi lilemera monga mwa msinkhu umene lagwera.

Mwina wowerenga wina adzadandaula kuti, "Bwenzi musadatiuze tanthauzo lake, dzulo tinali osalakwa, lero mwatisandutsa ochimwa." Dandaulo limeneli si lopusa, ndipo liyenera yankho loona. Liu silikhala kapolo wa chiyambi chake mpaka muyaya. Mngerezi potsazika ati goodbye, mau amene kale anali pemphero lakuti Mulungu akhale nawe, koma lero wosakhulupirira Mulungu awanena osapemphera konse. Momwemonso wonena demeti pa njinga yake satemberera chifukwa chabe chakuti wawerenga nyuzi ino. Komabe kudziwa kusintha kanthu. Munthu akauzidwa kuti mpeni umene asewera nao udaphapo munthu, mpeniwo sukhala wakuthwa koposa dzulo, koma wanzeru auika pansi. Ganizirani ichi: Eklezia, amene Kristu adampatsa mphamvu ya kumanga ndi kumasula, walengeza za anthu ambirimbiri kuti ali Kumwamba, koma sadalengezepo za munthu ndi mmodzi yemwe, pomtchula dzina, kuti ali ku moto. Pamene Yakobe ndi Yohane adafuna kuitana moto pa mudzi wa Asamariya umene udakana kulandira Ambuye, monga awerengera Luka pa mutu 9, Ambuye adawadzudzula. Chiweruzo chimene Apapa onse sadayese kuchitchula pa munthu sichiyenera kukhala chotafuna cha m'kamwa mwa Mkristu wodziwa, ngakhale chitasukuluka chotani.

Pali nthawi zina pamene temberero lituluka m'chisoni chachikulu, ndipo apa katekisiti ayende mopepuka ngati pa maliro. Anthu a kuno adziwa chimene madzi a m'phiri angachite. Akulu akumbukira za ku Phalombe m'mwezi wa Marichi 1991, ndipo ana omwe akumbukira namondwe Freddy m'mwezi wa Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zidakwirira nyumba ndi eni ake m'maboma a Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, nafa anthu mazanamazana. Munthu amene waima pamene panali nyumba yake, natemberera mvula, natemberera phiri ndi tsiku limene adabadwa, musamtsegulire katekisimu. Yobe adatemberera tsiku la kubadwa kwake, mneneri Yeremiya adachita chimodzimodzi. Ndipo pa mapeto a buku la Yobe amene Mulungu adawakwiyira ndi abwenzi aja odziwa kuyankha. Kulira kotere, ngakhale kuwawe chotani, kaya kutuluke m'Chilomwe kaya m'Chingerezi, kuyang'ana kumwamba ndi kufunsa. Nkosiyana kutali ndi liu loyang'ana pansi pa mwana.

Tinenepo mwachidule za achinyamata, amene Chingerezi chao sichichokera ku migodi koma ku mafilimu ndi ku mafoni. Ambiri a iwo demeti amuyesa wachikale. M'malo mwake afuula dzina la Mulungu kapena la Yezu m'Chingerezi, mpira ukaphonya golo, kapena netiweki ikathawa. Apa chodzikanira cha kusadziwa palibe, pakuti mwana wa Sitandade 3 adziwa mwini dzinalo, ndipo lamulo lachiwiri la Mulungu likhudza pomwepa. Kuitana Yezu pa ngozi ndi pemphero, ndipo nkwabwino. Kumtchula chifukwa cha mpira ndiko kuitana mfumu kuti idzakuingitsire nkhuku. Matamando aja amene tinena pambuyo pa Dalitso la Sakramenti Loyera adalembedwa ndi wansembe Luigi Felici m'chaka cha 1797 ndi cholinga chomwechi, cha kupepesa Mulungu chifukwa cha dzina lake lonyozedwa. Akatekisiti angachite bwino kuuza ana chiyambi chake.

Nanga chizolowezi chithetsedwa bwanji? Oyera adalimbana nacho, ngakhale chao chinali makamaka cha kulumbira pachabe. Augustine Woyera adaulula kwa Akristu ake mu ulaliki kuti iye yemwe adali ndi chizolowezi cha kulumbira, ndipo kuti adachigonjetsa ndi kuopa Mulungu ndi kudziyang'anira. Joan Woyera, amene ankaletsa asilikali ake kutukwana, adaona kuti kazembe wina waukali, La Hire, sangathe kukhala wopanda liu lofuula. Tsono adamuuza kuti azilumbira pa ndodo yake. Nzeru yake njoonekeratu: dzenje silitsekedwa ndi kuliyang'ana, koma ndi kuthiramo dothi lina. Ifetu sitisowa dothi. Chinenero chathu chiri ndi "Kalanga ine!", chiri ndi "Mayo!", chiri ndi "Ogo!", mau amene atulutsa ululu wonse popanda kulasa munthu; ndipo nchodabwitsa kuti onsewa aloza kwa mwini kulira, kapena aitana mai wake, osaloza chala kwa wina.

Tsono katekisiti akafunsidwa funso lija, asayambe ndi kuwerenga kuti liulo lanenedwa kangati. Afunse kuti lidanenedwa kwa yani. Likakhala la pa khasu, pa njinga, pa mbuzi yolowa m'dimba, amuuze munthuyo kuti ndi chizolowezi chosakongola pa Mkristu, ayese kuchisiya, koma apite ndi mtendere. Likakhala la pa mkazi, pa mwana, pa wanchito, amthandize kuona kuti choyenera kuulula kwa wansembe si liu la Chingerezi, koma kunyoza ndi ukali pa munthu wosatha kubweza. Ndipo kuti kulapa kwake kufuna kupepesa kwa wonyozedwayo. Tidziwa kuti kwa bambo wa kuno kunena "Pepani" kwa mwana wake ndi phiri loposa Sapitwa. Koma bambo yemweyo anena "Pepani, bwana" ku nchito kangapo pa sabata, pa zolakwa zimene mwina si zake.

John Chrysostom Woyera, polalika ku Antioch m'nyengo ya Lenti ya chaka cha 387, adabwerera ku nkhani ya kulumbira kawirikawiri, kufikira anthu ake adatopa nayo. Adalangiza kuti m'nyumba iri yonse wolumbira agone ndi njala usiku umenewo, ndipo mwini nyumba adziike yekha pansi pa chilango chomwecho. Pophunzitsa akatekumeni adapitirira apo, nauza mwamuna kuti apemphe mkazi wake, ana ake ndi anchito ake kuti azimuyang'anira ndi kumkumbutsa. Za kugona ndi njala sitilangiza, pakuti m'nyumba zambiri za kuno njala ifika yokha yosaitanidwa. Koma langizo lachiwirilo lingayesedwe m'Mphakati uli wonse. Bambo aitane a m'nyumba mwake, awauze kuti liu lija akalimvanso m'kamwa mwake, ali ndi chilolezo cha kunena kuti, "Bambo, mwateronso." Mwana sadzayesa tsiku loyamba, kapena lachiwiri, adzayamba wayang'ana nkhope ya atate ake kuti aone ngati chilolezocho nchoona. Ndipo tsiku limene adzalimba mtima nanena, mai akhale pafupi.